Alendo a Pabenchi la Ato Ayalew

Pofika Lachinayi masana, Ato Ayalew anali atatha masiku awiri osalawa kanthu kupatula madzi. Mwana wawo wamkazi, Mastewal, anagwada patsogolo pawo ndi mbale ya injera, mkate wopyapyala wa kuno, yonyemanyema n'kuviikidwa mu shiro, ndiwo za ufa wa nyemba, kuti ifewe, koma iwo anangotseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Dzanja lawo lamanja linkanjenjemera pabondo monga mwa masiku onse, zala zikupekesana ngati munthu amene akupota ulusi.

"Abaye, kamodzi kokha. Mukatero mumwe mankhwala, ine ndikagwireko makope anga."

"Alendo adya?" anafunsa Ato Ayalew. Matenda anali atawachepetsa mawu, moti munthu ankachita kuwerama kuti amve.

"Kulibe alendo, Abaye. Tili awiriwiri."

"Ndiye nanenso ndakhuta."

Mastewal anaika mbale pansi n'kukhala pomwepo pasimenti. Sanalire. Kulira kumafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, koma msana unkamuwawa ngati wa nkhalamba yosenza nkhuni.

Bambo akewo anali telala wodziwika m'tauni ya Debre Markos. Ansembe ndi akwati ankachita kudikira milungu kuti awasokere. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo dzanja linayamba kunjenjemera, ulusi unayamba kukana kulowa pasingano, ndipo kuchipatala anati ndi matenda a Parkinson. Kenako miyendo inauma, nkhope inasiya kuseka, makina osokera anafunditsidwa nsalu n'kusanduka poikapo mabotolo a mankhwala. Zonsezi banja linazolowera. Mayi ake a Mastewal, Woizero Tiruye, ankasamala odwala m'mawa mwana ali kusukulu. Masana ankasinthana pakhomo: mayi kupita kukaphika injera kumalo ena odyera mpaka dzuwa kulowa, mwana kutsala ndi bambo ake, kuwadzutsa, kuwaperekeza kuchimbudzi, kuwamanga mabatani, kuwapukuta malovu.

Chimene sanazolowere ndi alendo. Anayamba kufika chaka chatha, amuna atatu ofunda magabi, nsalu zoyera zochindikala za kuno, okhala pabenchi la pafupi ndi chitseko, osalankhula kanthu. Ankawaona ndi Ato Ayalew okha. Mmodzi ankati ndi Bogale, mnzawo amene anamwalira Mastewal akukwawa. Awiri enawo sankawadziwa, koma mlendo safunsidwa dzina asanamwe khofi. Poyamba ankangokhala pang'ono n'kuzimiririka, ndipo a m'nyumbamo ankangosintha nkhani.

Zinthu zinaipa Lachiwiri. Tsikulo Mastewal anabwera kusukulu atalephera mayeso a masamu kachiwiri. Mayi ake atangochoka, iye anapita kumpopi, ndipo pobwera anapeza bambo ake atakwawira pambaula, machesi ali mbwee pansi, ngodya ya gabi yawo ikufuka utsi. Ankafuna kukazingira alendo khofi. Mastewal anazimitsa motowo ndi madzi a m'ndowa, ndipo mantha atatha, mkwiyo unalowa m'malo mwake. Anapita pabenchi paja n'kudziponyapo, khu! Anatambasula manja uku ndi uku akumenya mphepo.

"Ali kuti alendo anuwo? Onani! Ndawakhalira? Akulira? Kulibe munthu pano, Abaye! Mutiotchera nyumba chifukwa cha benchi!"

Ato Ayalew anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo youma ija sinasinthe, koma misozi inatsika. "Wakhalira Bogale pamiyendo," anatero. "M'nyumba mwanga." Kuyambira pamenepo alendo sanachokenso, ndipo iwo sanadyenso.

Kwathu kuno mwininyumba sadya mlendo akuyang'ana. Matenda anali atawalanda Ato Ayalew singano, miyendo, masiku a pamlungu ndi mayina a anthu ambiri, koma lamulo limenelo anali asanalipeze pamene linabisala. Wina anganene kuti, bwanji osangowathirira khofi alendowo, nkhani ithe? Ameneyo sakuidziwa Gojjam, chigawo chathu chino. Nyumba imene imathirira khofi anthu osaoneka ili ndi dzina lake: ndi nyumba ya zar, yodyetsa mizimu. Woizero Tiruye anali atanena mosapita m'mbali kuti, "Ndasenza zambiri, koma dzina limenelo sindisenza. Kutchalitchi ndizikakhala ndi yani? Injera yanga adzadya ndani?" Ndipo mpanda wawo unali wa mitengo ya bulugama, wamipatamipata, kuseri kwake kuli maso ambiri opanda ntchito.

Madzulo a Lachinayi lomwelo kunabwera Yihun, mng'ono wawo wa Ato Ayalew, amene anthu ankamutchula mwaulemu kuti Gashe Yihun, wogulitsa tefu wophikira injera pamsika, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu oposa mimbayo. Anaima pakati pa nyumba, anayang'ana mkulu wake, anayang'ana mbale yosakhudzidwa ija, n'kupukusa mutu.

"Alamu, tamverani. Zaka zisanu ndi ziwiri mukuwamwetsa mapiritsi, achira? Poyamba linali dzanja, tsopano akucheza ndi akufa. Amenewa si matenda a kuchipatala. Loweruka m'mawa ndibwera ndi galimoto. Tikawasiya ku madzi oyera a tchalitchi, ochiritsa aja, kuchigwa kuja, milungu iwiri. Ndipo mabotolo awa atsala pano. Munthu sapita kwa Mulungu atabisa sing'anga wina m'thumba."

Woizero Tiruye maso anali psuu ndi utsi wa tsiku lonse. Ankangosisita mapazi awo otupa.

"Gashe," anatero Mastewal, "galimoto imathera pamwamba, kutsikira kuchigwa ndi wapansi. Abaye sangafike ndi kuchimbudzi komwe paokha. Akapanda mankhwala amauma ngati thabwa, ngakhale madzi amawatsamwa."

"Ehe! Adokotala alankhula! Si iwe unakhalira alendo, iwe? Mbiri yako yafika kumsika. Takhala chete, nkhani za akulu izi." Kenako mawu aakulu aja anatsika mwadzidzidzi. "Anandilera ndi iwowa, mwana iwe. Ukufuna ndizingoonerera akufa ndi njala, mbale ili pamphuno?"

Funsolo linali loona. Gashe Yihun atachoka, Woizero Tiruye anangoti, "Akadya, sapita. Akapanda kudya, ine ndilibe pakamwa poletsera."

Mastewal anapita kukatsuka mbale kuseri. Kumeneko ganizo lina linamufikira, loti milungu iwiri yopanda bambo ake ingakhale milungu iwiri yogona mokwanira, yowerenga, yocheza ndi anzake pamsewu ngati ana ena onse. Ganizolo linamukomera, ndipo kukomako kunamuchititsa manyazi kwambiri moti anatsuka mbale imodzi katatu.

Lachisanu m'mawa anavala yunifolomu, koma m'malo mokhotera kusukulu anakwera bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, kupita kuchipatala, khadi la bambo ake lili m'kope la masamu. Anakhala pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Dokotala Senait, mayi wamfupi wa magalasi amene ankaona bambo ake miyezi itatu iliyonse, anamvetsera nkhani yonse osamudula. Ya kukhala pabenchi ija Mastewal anaidumpha.

"Unaphikapo phala n'kuiwala kuvundula?" anafunsa dokotalayo.

"Kambirimbiri."

"Limachita timibulu, eti? Mu ubongo wa munthu aliyense muli mtundu wina wa mapuloteni. Mwa bambo ako mapuloteni amenewo akuundana timibulu ting'onoting'ono m'kati mwa maselo, ndipo maselowo amafooka n'kufa. Timibuluto tinayambira mbali imene imayendetsa thupi, n'chifukwa chake ananjenjemera n'kuuma. Tsopano tafalikira kumbali zimene zimakumbukira, kuganiza ndi kumasulira zimene maso aona. Si matenda achiwiri ayi. Ndi omwewo, angoyenda mtunda."

"Ndiye si mizimu?"

"Za mizimu sindinaphunzire, mwanangu. Chimene ndikudziwa n'chakuti odwala anga ambiri a matendawa amaona anthu. Wina amaona tiana, wina asilikali, wina ng'ombe m'chipinda. Akhristu, Asilamu, opemphera ndi osapemphera omwe."

"Achira?"

Dokotala anavula magalasi. "Ayi. Mankhwala amafewetsa thupi ndi kuchepetsa mavuto ena, koma timibuluto sitisungunuka. Sindikufuna kukunamiza."

Mastewal ankadziwa kale, komabe kumva ndi makutu kunamupweteka ngati wamva koyamba.

"Madzi oyera sindiletsa," anapitiriza dokotalayo. "Akatunge m'botolo, odwala adzamwere kunyumba. Koma munthu wofooka chonchi kukhala wopanda mankhwala n'koopsa kwambiri. Akapanda kudya lero, mawa abwere kuno, osati kuchigwa. Ndikulembera kalata ukapatse bambo ako aang'onowo." Analemba, kenako anakweza maso. "Alendowo amawaopseza?"

"Ayi. Amangokhala."

"Akufuna chiyani?"

"Kulibe alendo, adokotala."

"Kwa iwe kulibe. Kwa iwo alipo, monga mmene ine ndilili pano. Ukamatsutsa, amangoona kuti mwana wawo wasanduka wamwano kapena wakhungu. Sindikuti uziname kuti ukuwaona. Koma unayamba wawafunsapo zimene iwo akuona?"

Mastewal anayang'ana pansi. Chaka chathunthu anali akuuza bambo ake zimene kulibe. Kufunsa anali asanafunsepo.

"Nanga iweyo wadya lero?"

Kafunso kakang'ono kameneko ndi kamene kanamuliza. Dokotala anamusiya alire, kenako anatulutsa nthochi m'kabati n'kumudikira mpaka atamaliza kudya.

Anafika kunyumba mayi ake ataima kale pakhomo, mpango kumutu.

"Adya, Emaye?"

"Ngakhale kuyang'ana mbale. Ndawanyengerera mpaka malovu kuuma. Tikamba madzulo, ndachedwa."

Mastewal analowa. Ulendo uno sanatenge mbale. Anakoka kampando n'kukhala pambali pa bambo ake, nkhope yake ikuyang'ana kumene iwo ankayang'ana.

"Abaye, alendo alipo?"

Maso a Ato Ayalew anayenda pang'onopang'ono kuchoka kubenchi kubwera kwa iye, ngati akuyembekeza kukalipiridwa. "Alipo."

"Angati?"

"Atatu omwe aja. Bogale ali pakati. Wa kuchitsekoyo ndi wamtali, ali ndi ndodo."

"Akuti chiyani?"

"Salankhula. Akudikira." Anapuma kaye, kenako anamukodola kuti asendere, n'kunong'ona kuti alendo asamve. "Ndatopa nawo, mwanangu. Masiku onsewa ali pompo. Ndikatsegula maso, alipo. Njala ikundipweteka, tulo sindikugona. Amati mlendo ndi mame, koma awa dzuwa lawalephera."

"Bwanji osawauza azipita?"

"Iwe! Munthu wabwera kwanu, sanamwe ndi kapu imodzi yomwe, umuuze azipita? Anganyamuke bwanji asanamwe yachitatu? Nawonso atopatu. Taona Bogale mmene wakhalira."

Masiku onsewa Mastewal ankaganiza kuti bambo ake akuwaumirira alendowo. Sankadziwa kuti onse awiri anatopa ndi anthu omwewo, ndiponso kuti bambo ake, ndi mutu wodwalawo, ankadziwa khomo lotulutsira alendo pamene iye wamutu wabwinobwino ankangokuwa. Khofi wa kwathu amamwedwa katatu. Kapu yachitatu ndi ya madalitso, ndipo ikatha, mlendo aliyense wolongosoka amadalitsa nyumba n'kunyamuka.

Anaganiza za mayi ake. Anaganiza za mipata ya mpanda. Kenako anayang'ana khosi la bambo ake mmene linaondera m'masiku atatu okha, n'kupita kukatenga mbaula.

Anachita zonse mwa dongosolo lake, osadula njira. Anamwaza udzu wauwisi pansi, anatsuka khofi, anamukazinga mpaka kuda n'kuyamba kunyezimira. Fungo linatuluka pakhomo n'kudumpha mpanda, ndipo iye anadziwa kuti tsopano palibenso chobisa. Ananyamula chiwaya chofuka utsi kupita nacho kwa bambo ake kuti anunkhize, koma iwo analoza kubenchi ndi maso. Alendo poyamba. Mastewal anaima patsogolo pa benchi lopanda munthu, chiwaya m'manja, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

"Abaye, ine maso anga sakuwaona. Mundiuze pamene akhala, ndingawaponde."

"Sendera kumanzere. Apo. Ndi Bogale ameneyo."

Mastewal anawerama. "Gashe Bogale, pepani za tsiku lija. Ndinalakwa." Ankalankhula ndi thabwa, koma ankadziwa kuti mwini wa mawuwo ndi bambo ake. Atacheuka anaona bambo ake akugwedeza mutu pang'ono.

Anasinja khofi m'kamtondo, anamuthira mu jebena, kamtsuko kadothi kophikira khofi, n'kuika pamoto, anaponya lubani pakhala lamoto, anakazinga mbuliwuli. Pothira m'tikapu bambo ake anamukumbutsa kuti, "Wa Bogale uike mchere. Shuga amati ndi wa ana." Anandandalika tikapu titatu pakatebulo patsogolo pa benchi, kenako anabwera ndi piritsi ndi madzi pasupuni.

"Alendo alandira, Abaye. Tsopano mwininyumba."

Milomo ija inatseguka. Piritsi linatsika movutikira, koma linatsika. Mastewal anawagwirira kakapu kawo, iwo n'kumamwa pang'onopang'ono, uku akuuza Bogale za suti ina imene anasokera mkwati wa miyendo yosiyana kutalika. Tikapu ta alendo titazizira, Mastewal anatitenga ndi manja awiri n'kukhuthulira m'kabeseni kuseri kwa mbaula, anawonjeza madzi mu jebena, n'kudikira kuti iwirenso.

Ali m'kati mothira kachiwiri, chitseko cha mpanda chinalira. Gashe Yihun analowa atasenza matiresi opyapyala a ulendo wa mawa. Anaima pakhomo, anaona udzu, anaona lubani, anaona tikapu titatu patsogolo pa benchi lopanda munthu. Matiresi anagwa pansi.

"M'dzina la Atate ndi la Mwana! Mtsikana iwe wapenga? Amayi atatu aunjikana pampanda panjapa, akusuzumira! Ukudziwa dzina limene tauni yonse itche nyumba ino mawa? Chotsa msanga zimenezi!"

Mastewal jebena sanaitule. "Gashe, amwa mankhwala. Yatsala kapu imodzi. Ikatha munditukwane mmene mungafunire."

"Ndati chotsa!"

"Yihun."

Mawuwo anali aang'ono, koma anadula phokoso lonse. Panali patatha miyezi Ato Ayalew asanatchule dzina la mng'ono wawo.

"Unakulira kuti iwe? Ukulowa m'nyumba ya anthu ukukuwa ngati uli pamsika, alendo osawapatsa moni? Ndinakuphunzitsa choncho?"

Gashe Yihun, bambo wa zaka makumi asanu, woopedwa ndi onyamula matumba onse a pamsika, anaima ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Anayang'ana mkulu wake, amene maso awo anali amoyo koyamba mlungu wonsewo. Kenako anavula chipewa, anatembenukira kubenchi, n'kuwerama.

"Mwaswera bwanji, akuluakulu?" anatero, mawu akumuthawa.

"Eya. Khala tsono. Osati pabenchipo, padzaza."

Gashe Yihun anakhala pamatiresi ake omwe aja. Mastewal anamupatsa khofi, n'kumupatsanso kalata ya dokotala. Iye anaiwerenga kawiri, milomo ikugwedera, anaipinda n'kuika m'thumba la malaya.

Khofi wachitatu amakhala wosuluka, koma ndi amene palibe amamusiya. Atatha kumwa, Ato Ayalew anati, "Yihun, alendo athuwa ndi anthu osalankhula. Dalitsa ndiwe."

Gashe Yihun anatambasula manja, ndipo kwa kanthawi Mastewal anaganiza kuti akana. "Nyumba ino isasowe khofi," anayamba. "Isasowe mtendere. Odwala apeze mphamvu. Mwana watiphikirayu akule, manja ake adalitsike. Ndipo alendo athu..." Anayang'ana kubenchi. "Alendo athu ayende bwino, akafike kwawo."

"Ameni," anayankha Ato Ayalew. Maso awo anakwera pang'onopang'ono, ngati akutsatira anthu amene akuimirira. "Akunyamuka. Ndigwireni, ndiwaperekeze."

Piritsi lija linali litayamba kugwira ntchito. Anawadzutsa, mwana uku, mng'ono uku. Pakhomo mapazi anamatirira pansi monga ankachitira nthawi zambiri, ndipo Mastewal anachita kuwawerengera. "Lamanzere, Abaye. Tsopano lamanja. Lamanzere." Anafika kuchitseko cha mpanda. Amayi awiri anabalalika ngati akukafuna nkhuku zawo, koma wachitatu anaima pomwepo, dzanja kukamwa, akuonerera zonse kuti pasadzakhale chomuphonya pokafotokoza. Mastewal anadziwa kuti pofika Lamulungu nkhani ikhala itazungulira tauni, ndipo kusukulu ena adzayamba kusuntha akakhala nawo pafupi. Zinamuwawa, koma dzanja la bambo ake sanalisiye.

Ato Ayalew anakweza dzanja lawo lonjenjemera kulozetsa mumsewu wopanda munthu. "Mufike bwino. Bogale, ukapereke moni kunyumba." Anaima choncho mpaka alendo atakhota pachigayo. Kenako anausa moyo, kuusa kwa munthu amene watula katundu.

"Apita. Koma anthu amenewa kukhalitsa! M'nyumba muno mulibe chakudya?"

Gashe Yihun anaseka, kuseka kwake kwa pamsika, uku akupukuta m'maso ndi chipewa. Atawakhazika odwala pampando, anatengera Mastewal pambali.

"Galimoto ija ndiiuza isabwere. Madzi ndikatunga ndekha. Koma ukudziwa kuti abweranso alendowa?"

"Ndikudziwa, Gashe."

"Mawa?"

"Mwina mawa. Mwina lero lomwe."

Gashe Yihun anakanda m'mutu. "Ndiye ndizibwera kudzamwa nawo. A pampandawo akaona mimba iyi pano aziti tikapu tonseto n'tanga. Mayi ako ndikawauza ndine, ndidutsira komweko. Iwe usayankhe kanthu, wayankha zokwanira mlungu uno." Anatola matiresi ake n'kutuluka.

Mastewal anatenthetsa shiro, ananyemera injera yatsopano, n'kugwada patsogolo pa bambo ake. Anatsegula pakamwa okha. Ankatafuna nthawi yaitali, kumeza kuli kovuta, ndipo iye ankadikira, n'kuwapukuta pachibwano, n'kuwapatsanso. Dzuwa linali litapendeka, utsi wa lubani ukutha. Thupi lonse linkamuwawa, ntchito ya kusukulu ya masiku awiri inali isanagwiridwe, ndipo mawa zonsezi zinali zoti ziyambirenso. Komabe mbale inkachepa, ndipo kwa tsikulo zimenezo zinali zokwanira.

Mbale itafika pakati, anaona kuti bambo ake akumuyang'ana mwachilendo, mwaulemu, mmene munthu amayang'anira mwana wa eni ake amene wamukomera mtima.

"Khofi wako ndi wabwino, mtsikana iwe," anatero. "Wandichotsa manyazi lero. Ndiwe mwana wa yani?"

Dzanja la Mastewal linaima m'malere. Mayina a ena onse anali atawathawapo, koma lake linali lisanawathawepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mtima unamupweteka kwambiri. Mawu akuti "Ndine Mastewal, mwana wanu" anafika pakhosi, koma anaona mmene bambo ake anakhalira, omasuka, okhuta, opanda mantha, ndipo anawameza.

"Wa Ato Ayalew," anayankha. "Atelala aja."

"Aa." Anaganiza pang'ono, akugwedeza mutu. "Ukawauze kuti analera."

"Ndikawauza," anatero Mastewal. "Tsegulani pakamwa, yatsala pang'ono."